Mbala Yolambalala Ng'ona

Belu la timu yathu linasowa Lachitatu madzulo, koleji yonse ili m'tchalitchi kuimba, ndipo pofika Lachinayi m'mawa anthu anali atapeza kale wakuba. Kwathu kuno ku Harmon Grove sitichedwa kuweruza, makamaka woganiziridwayo akakhala wobwera.

Sajeni Vernice Tolliver, wamkulu wa apolisi a pakoleji, anaitanidwa khofi wake asanazizire. Mu ofesi ya mkulu wa koleji, Dokotala Crenshaw, anapezamo anthu awiri: mayi Crenshaw eni akewo, ataimirira ngati akufuna kumenya munthu, ndi Bambo Otha Pickens, chimunthu chodzaza mpando, mwini maiwe a milamba a kutsidya kwa njanji. A Pickens ndiwo anali chiyembekezo chathu chonse. Timu yathu ya Ng'ona, ya mpira wathu uja wonyamula m'manja ndi kugundana mapewa, inali itaiwaliratu kuti kupambana kumakoma bwanji. Mipando ya kum'mawa kwa bwalo inali itawola mpaka anaitchinga ndi chingwe kuti munthu asathyokerepo mwendo. Ndiye a Pickens analonjeza pamaso pa anthu kuti Loweruka, tsiku limene ophunzira akale amabwerera kudzaonera mpira, adzasanjika dzanja pa belulo n'kusayina zomanganso bwalo lonse.

"Wakuba tikumudziwa," anatero Dokotala Crenshaw. "Dontrell Suggs, woponya mpira watsopano uja. M'tchalitchi munalibe. Anthu anamuona akulowa m'bwalo. Ndipo anachokera kuti? Ku Belzer, kwa adani athu."

"Kuchokera ku Belzer si mlandu, Mayi," anatero Vernice.

"Ali ndi mlandu wakale wa ndewu. Woweruza anamuuza kuti akadzangolakwanso, ndende. Ine ndinamulandira chifukwa Kochi anandichonderera. Tamva tsono. Belu likapanda kupezeka pofika mawa masana, ndimuchotsa sukulu ndipo ndimupereka ndekha kwa apolisi a boma."

A Pickens anatsokomola, mawu awo aja ogwedeza mawindo. "Ine chuma changa sindingachithire m'dengu lobooka. Anthu olephera kusunga belu angasunge bwalo? Popanda belu palibe kusayina. Ndatha ine."

Ananena zimenezi akuyang'ana pawindo, kolala ya malaya awo ili yasa.

"Mawa masana ndi kutali," anatero Vernice akuvala chipewa. "Ndikubweretserani belu lanu."

* * *

Mvula ya Lachitatu masana inasiya bwalo lofewa ngati phala, ndipo Vernice anathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Belulo limakhala pa ngolo ya matayala awiri kumapeto a kum'mwera. Mizere ya matayalawo inkaoneka bwinobwino, yolunjika kumpoto kumene kuli geti ya kumsewu. Anaitsatira pang'onopang'ono, Kochi Renard Whitlow ali pambuyo pake, akulankhula osapumira.

"Sajeni, ine ndili ndi masewero Loweruka. Mnyamata ameneyu ndi yekhayo amene amadziwa kuponya mpira kumene kuli munthu. Mukandichotsera, ndiponyetsa ndani? Wophika? Ine kwathu ku Ohio belu likasowa timagula lina, basi, nkhani yatha."

Vernice anapitiriza kutsatira mizereyo. Anaima chilili pafupi ndi pakati pa bwalo, pamene pali chithunzi cha ng'ona yaikulu yobiriwira chojambulidwa pa udzu. Apa mizere ija inakhota. Inapatukira kumanzere, n'kulowa pamalo otsika pamene madzi amadikha. Pamenepo ngolo inatitimira, ndipo panali maenje a zidendene za munthu amene anakankha mpaka msana kuwawa. Itatuluka m'matopemo, inabwereranso pakati n'kulunjika kugeti ngati palibe chachitika.

"Mwina anaterereka," anatero Kochi.

"Kochi, tachotsani phazi lanu pamenepo."

Bamboyo anayang'ana pansi. Anali ataponda mchira wa ng'ona. "Aaa, nanunso zomwezi?"

"Munthu amene anavalapo malaya obiriwira a timu ino saponda ng'ona, pokhapokha wezulo italira. Ngakhale ataledzera. Bambo anga ankailambalala ali pa ndodo."

"Ndi zimene zinapha timu ino zimenezo! Miyambo mbwee, koma kugwetsa mdani ayi. Dontrell yekha ndiye wanzeru. Amaiponda tsiku lililonse, dala. Anzake anamuponyapo m'bafa la madzi oundana chifukwa cha zomwezo, mawa lake anakaimanso pamphuno pake penipeni."

"Ndaona," anatero Vernice. Pamutu pa ng'onayo panali mapazi a nsapato zothamangira, aakulu, odutsa mowongoka kupita ndi kubwera. "Amenewa ndi ake. Tsono ndiuzeni, Kochi. Munthu woponda ng'ona masana dzuwa likuswa mtengo, angalole kutitimira m'matope ndi belu lakuba poopa kuiponda?"

Kochi anatembenuka kuyang'ana maenje a zidendene aja.

"China," anapitiriza Vernice. "Tchalitchi ndi icho, mawindo anali otsegula. Belu limeneli likangogwedezeka limamveka mpaka kunjanji. Munamvapo kanthu? A ku Belzer anatiberapo kale, ndipo analiliza msewu wonse kuti tipse mtima. Uyu analimanga lilime, kachitsulo kolizira ka m'kati kaja. Kwathu kuno belu sililira ngati sitinapambane, ndipo wakubayu ankadziwa."

Kugeti, loko anali wabwinobwino, wotsekedwanso mwaulemu. Makiyi a getiyo amasunga anthu anayi: Kochi, wosamalira bwalo, wapampando wa abwenzi a timu, ndi Vernice mwiniwake. Wosamalira bwalo ndiye ankaimba ng'oma m'kwaya dzulo lake. Kochi ankawodzera pafupi ndi Dokotala Crenshaw. A Pickens, wapampandoyo, ndiwo anatsegulira mwambo ndi pemphero. Onse anali m'tchalitchi, ndipo Vernice anawaona ndi maso ake.

* * *

Vernice anakamupeza Dontrell m'chipinda chake akulonga zovala m'chikwama. Anali mnyamata wamtali, wamapewa otambalala, nkhope ya munthu amene anasiya kalekale kuyembekezera chilungamo.

"Mwabwera ndi unyolo, Mayi Sajeni? Manja ndi awa."

"Bwanji sunapite kutchalitchi?"

"Ndi lamulo?"

"Iwe, ine si mnzako wosewera naye. Ndakufunsa funso."

Mnyamatayo anaponya malaya pabedi. "Nyimbo zimene zija anaimba pamaliro a mayi anga. Zomwezija, zonse. Sindilowamo ine. Ndinapita kukathamanga, ndinakwera masitepe mpaka miyendo kukana, kutayamba mdima ndinabwerera kuno. Belu lawolo ndinalisiya lili phee. Ndikaba belu ndikaliika kuti? Pansi pa pilo?"

"Unaona munthu?"

"Munthu ayi. Galimoto yoyera inaima kunja kwa geti ya kumpoto, mopanda munthu. Koma kuno aliyense ali ndi galimoto yoyera, ndiye musavutike. Iwo akufuna wa ku Belzer, wa ku Belzer ndine. Ndinauza agogo anga kuti ulendo uno ndimaliza sukulu." Apa anatembenukira kukhoma. "Basi, ndiwaimbira ndikafika kumeneko."

Vernice anamva chisoni, koma chisoni chake mayiyu chimatuluka ngati ukali. "Tulutsa zovala m'chikwamamo. Agogo ako usawaimbire. Loweruka ukuponya mpira."

"Mukudziwa amene anaba?"

"Ndikudziwa kuti amalemekeza ng'ona kuposa iwe."

* * *

Aliyense wofuna kudziwa amene analowa kapena kutuluka m'tchalitchi chathu amapita kwa Mayi Ozella Gaines. Iwo ndiwo amaima pakhomo atavala magolovesi oyera, ndipo masiku ena onse amakazinga milamba m'kanyumba kawo pafupi ndi bwalo. Vernice anawapeza akugubuduza nsomba mu ufa wachimanga, ndipo nthawi yomweyo mayiwo anamuikira mbale ya mlamba wokazinga kale.

"Khala pansi, mwana wanga, waonda. Ukudya koma? Ambuye Yesu, za belu zija! Ine ndinanena kale kuti mwana wa ku Belzer ameneyu maso ake ndi akuthwa."

"Dzulo anatulukapo ndani mwambo uli m'kati, Mayi?"

"Palibe. Ine pakhomo panga sipadutsa ntchentche. Kungoti mtsikana wa a Dukes uja anatuluka ndi khanda, linkalira ngati alitsina. Basi. Eya, ndi a Otha, koma amenewo sitiwerenga."

"Chifukwa?"

Mayi Ozella anatsitsa mawu, ngakhale munalibe wina. "Amatuluka nthawi zonse mbale ya chopereka ikamayandikira. Chiyambire Pasaka. Amati bondo lawo lija limafuna kuwongola. Ine ndimangoti, anthu olemera ndi momwe amalemerera. Komatu dzulo anachedwa. Anabwera tili panyimbo yotsekera, thukuta kamukamu, ngati awathira ndowa. Ndinati, 'A Otha, mwatani?' Akuti, 'Mzimu wandigwira, mlongo.' Unawagwiradi zedi, mpaka tayi anavula."

Vernice anasiya foloko. "Tayi iti?"

"Iyo yomwe ija, yobiriwira ya mizere yagolide. Pali inanso?"

Panalibe ina. Tayi imeneyo anapatsidwa anyamata a timu imene inatenga chikho kalekale, chikho chokhacho chimene koleji yathu inaonapo. Sabata ya ophunzira akale, otsala a timu imeneyo saivula ngakhale podya. Bambo ake a Vernice, malemu Cleophus Tolliver, anaikidwa m'manda atavala yawo, ndipo amene ananyamula bokosi kutsogolo, akulira ngati mwana, anali a Otha Pickens. Vernice anakumbukira kolala yayasa ija mu ofesi, yopanda tayi, ndipo mtima wake unawawa kwambiri.

"Nsombazi ndi za kwa a Pickens, Mayi?"

"Iii, kale! Lole yawo inasiya kubwera. Akuti zonse akugulitsa ku Memphis, ife osauka tatsalira. Bwanji sukudya? Yapsereratu?"

* * *

Lachisanu m'mawa Vernice anawoloka njanji yekha. Sanauze munthu. Kuchokera pamsewu waukulu, chikwangwani cha Pickens chinkawala ndi penti watsopano, ndipo mpanda wamitengo unkabisa zonse. Atangokhota kuseri kwa mpandawo, anaimitsa galimoto. Maiwe onse anali ouma. Pansi pake panali ming'alu yolowa dzanja, ndipo udzu unali utamera mpaka m'chiuno. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto yoyera inali pakhomo pa shedi yosungiramo chakudya cha nsomba. A Pickens anali atakhala pa ndowa yovundikira, atavala malaya a dzulo omwe aja. Sanadzuke.

"Mwana wa Cleophus," anatero. "Wabwera wekha?"

"Ndabwera ndekha, Bambo Otha. Tsegulani."

"Uli ndi chikalata cha woweruza?"

"Ndilibe. Ndikhoza kukatenga, koma ndibwera ndi apolisi a boma ndi theka la tauni pambuyo. Sankhani."

Bamboyo anadzuka movutikira n'kukankha chitseko. Belu linali momwemo pangolo yake, matayala ali matope okhaokha. Vernice anawerama n'kusuzumira kunsi. Lilime la belulo linali lokulungidwa bwinobwino ndi tayi yobiriwira ya mizere yagolide, yomangidwa mfundo ziwiri.

"Galimoto munaisiyiratu kugeti musanapite kukapemphera," anatero Vernice. "Mbale itayandikira munatuluka monga mwa masiku onse, kuti Mayi Ozella asadabwe. Mukanadutsa mowongoka, bwenzi mutabwerera msanga, opanda thukuta, ndipo ine bwenzi ndikufunafuna ku Belzer mpaka lero. Koma munafika pa ng'ona."

A Pickens anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinaima pamenepo, mwana iwe. Ndinati, Otha, ndi penti chabe, dutsa. Miyendo inakana." Anakhalanso pa ndowa ija. "Nsomba zinatha ndi matenda, zotsala zinasowa msika. Malo ano ndi a banki tsopano, ngakhale ndowa ndakhalirayi. Pamene ndinkalonjeza ndinkati zinthu zisintha. Tsono Loweruka ndikaime pamaso pa anzanga amene ndinasewera nawo, ndinene kuti Otha Wamkulu alibe ngakhale yoika m'mbale? Ndinati belu likasowa, ndikwiya, ndichoka ndi ulemu wanga. Anthu akanati ndi a ku Belzer. Pakatha mwezi ndikanalisiya pamsewu."

"Anthu sananene a ku Belzer. Ananena Dontrell."

"Zimenezo sindinaziganize ine."

"Dzulo munali pampando mu ofesi muja pamene ankatchula dzina lake. Munamva za ndende. Munayang'ana pawindo." Vernice ankalankhula motsitsa, koma ndi mkwiyo. "Ng'ona ya penti munailambalala mpaka kutitimira m'matope, Bambo Otha. Mwana wamoyo ndiye mwamuponda osayang'ana n'komwe."

Bamboyo anaphimba nkhope ndi zikhatho zake zazikuluzo. Vernice anawasiya alire pang'ono, poti anali mnzawo wa bambo ake. Kenako anagwada, anamasula mfundo zija, n'kuwapatsa tayiyo ili makwinya okhaokha.

"Valani. Kolekani ngolo kugalimoto yanu. Inu patsogolo, ine pambuyo."

"Lilime ukulisiya lomasula? Lilira msewu wonse. Sitinapambane, Vernice."

"Lilire. Amve onse kuti likuchokera mbali iti."

* * *

Misewu yathu ya ku Harmon Grove ndi maenje okhaokha, ndipo belulo silinaphonye dzenje ngakhale limodzi. Ngee! Ngee! Anthu anatuluka m'malo ometera tsitsi thovu lili kumaso. Mayi Ozella anathamangira kumsewu ndi chipande m'manja. Pofika pageti ya koleji, ana a sukulu anali atazinga galimoto yoyera ija, akumenya mabampala, akuimba. Kenako Vernice anamva zimene ankakuwazo.

"Otha Wamkulu walipeza! Otha Wamkulu walanditsa belu!"

Pamasitepe a ofesi panali Dokotala Crenshaw ndi Kochi Whitlow. Pansi pake panaima galimoto ya apolisi a boma, ndipo pambali pake panali Dontrell ndi chikwama chake. Sanamvere zomasula katundu zija.

Dokotala Crenshaw anatsika manja ali m'mwamba. "Bambo Pickens! Mulungu akudalitseni! Mwalipeza kuti? Mnyamatayu analibisa kuti?"

Anthu anakhala chete kuti amve. A Pickens anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, tayi yamakwinya ili pakhosi. Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo aliyense akanawakhulupirira. Akanangoti m'tchire, kapena kuseri kwa njanji, anthu akanawanyamula pamapewa. Vernice anatsamira galimoto yake, manja atapinda. Anali ndi matope a pamatayala, maiwe ouma ndi Mayi Ozella, ndipo akanatha kuwagwetsa ndi mawu ochepa. Koma ankafuna kuti mnzawo wa bambo ake adzigwetse yekha.

A Pickens anayang'ana khamulo, anayang'ana anzawo okalamba a matayi obiriwira amene anali atafika kale kudzadikira Loweruka, kenako maso awo anaima pa chikwama cha Dontrell.

"Silinabisidwe ndi mwanayu," anatero, ndipo mawu aja ogwedeza mawindo anatuluka aang'ono. "Linali m'shedi mwanga. Ndinaba ndine. Bwalo sindingamange, Mayi. Ndilibe kanthu. Ndakhala ndilibe kanthu chiyambire Pasaka."

Dokotala Crenshaw anagwira chitsulo cha masitepe. Bwalo latsopano linathera pomwepo, tonse tikuona, ndipo kunena zoona ena analira chifukwa cha bwalolo osati chifukwa cha munthu.

Wapolisi wa boma anayang'ana Vernice. "Ndiye nditenge uti, Sajeni?"

"Funsani eni belu," anatero Vernice. "Koma wachikwamayo ayi."

Kochi Whitlow anali atatola kale chikwamacho n'kuchikoleka paphewa pake. "Suggs, ukuyang'ana chiyani? Anzako ali m'bwalo. Thamanga!"

Dontrell sanathamange. Anayenda mpaka pamene panaima a Pickens, ndipo anthu anapatuka poganiza kuti pagwa chibakera. Mnyamatayo anangomasula ngolo kugalimoto, n'kugwira mpini wake umodzi.

"Gwirani uko, mdala," anatero. "Munalichotsa nokha, koma kubweza simungathe. Bondo lanulo ndaliona."

Analikoka awiriwo, belu likulira, anthu akutsatira mwakachetechete, kulowa pageti ya kumpoto. Vernice anali pambuyo penipeni. Atayandikira pakati pa bwalo, anaona a Pickens akuchepetsa liwiro, mutu uli pansi, osalimba mtima kupempha kanthu kwa mwana amene anafuna kumupereka kundende. Dontrell anayang'ana ng'ona ija, anayang'ana nkhalambayo, anapukusa mutu.

"Anthu inu ndi penti wanuyu," anatero.

Ndipo anakhotetsa ngolo kumanja, kulambalala ng'ona, kulowa m'matope aja.